Jekete la Maneja

Ine sindinakwerepo bwato. Ndayamba ndi zimenezi kuti mundisekeretu tithane nazo. Ndinabadwira pakati pa mitsinje iwiri, Luangwa kuno, Zambezi uko, ndakalambira pompano pa Feira mpaka mano atsala anayi, koma phazi langa silinapondepo m'mwadiya. Mwadiya ndi bwato, kwa inu a kumtunda amene mumaidziwa nsomba ikakhala kale m'mbale. Anthu a kuno ankaona kuti sindiyandikira madzi, koma ankayesa kuti ndi ulemu wa udindo wanga, pakuti kwa zaka zoposa makumi asanu ine ndinali maneja woyamba wachikuda wa timu ya bola m'boma lino. Ndinkanena ndine, ndipo amene akanatsutsa ankamwalira mmodzimmodzi, mwaulemu, osandivutitsa.

Bola inafika kuno ndi azungu a pa boma ndi ansembe. Azunguwo anali ochepa, osakwana ngakhale timu imodzi, choncho ankadzaza mipata ndi amesenjala. Koma mesenjala sankayerekeza kumwetsa chigoli. Ankathamanga ndi bola mpaka pa golo n'kuima, kudikira bwana afike ndi wefuwefu wake adzamalize ntchito. Ife ena tinali otola bola ikagwera m'minga ya masau. Panali mzungu wina, kalaliki, wofiira ngati mkati mwa chivwende, amene sankasewera konse. Ankaima kunja kwa bwalo atavala jekete, pa dzuwa la kuno limene ngakhale buluzi amalithawa, kabuku m'manja, wezulo m'khosi. Ameneyo ndiye ankatchedwa maneja. Ine sukulu ndinalekera panjira, koma phunziro ili ndinaligwira bwino: maneja ndi munthu wovala jekete pamene anzake akutuluka thukuta.

Ndinkamuchapira zovala mzunguyo. Pochoka anandisiyira jekete lija chifukwa makoswe anali atadya thumba limodzi, ndi wezulo amene kanjere kake ka m'kati kanali katatayika. Ukamuuzira ankalira ngati nkhuku ya chimfine.

Nthawi imeneyo n'kuti ifenso titayamba timu yathuyathu, yopanda mzungu: asodzi, amesenjala awiri amene anali ndi njala ya zigoli ya zaka zambiri, mphunzitsi mmodzi amene yekha anali ndi nsapato, ndi ine. Tinkasewera tokhatokha mpaka anyamata a ku Zumbo, tsidya linalo, anatumiza mawu kudzera mwa ogulitsa nsomba kuti ngati tili amuna tiwoloke. Vuto linali lowolokera. Bwato lalikulu lokwana gulu linali limodzi lokha, la msodzi wina wa ku Kavalamanja, Mchikunda wosakonda kulankhula, amene mawu ankawatulutsa ngati akukutapira mchere. Ine n'kuti ndikufunsira mlongo wake. Lero ndi alamu anga, ndipo kuyambira pano ndiziwatchula choncho.

Tsiku lowoloka tinafika pa mchenga anthu khumi ndi asanu ndi awiri. Bwato linkanyamula khumi ndi awiri, mwini wake ali momwemo. Palibe amene anali ataganizapo za amene apite ndi amene atsale. Mphunzitsi anati tikweze manja, amesenjala anati boma liyambe kukwera, mkangano n'kubuka. Alamu anangoyamba kuyenda pa mzere, kutiyang'ana ngati munthu wogula mbuzi. Wina kumutsina nthiti, wina kumunyamula pang'ono n'kumutsitsa. Ankafunsa mafunso awiri okha: ngati umatha kukapa madzi m'bwato, ndi chimene unachita tsiku limene mvuu inakuyasamulira pafupi. Ukayankha, ankaloza bwato kapena kuloza mthunzi. Za bola sanafunse aliyense.

Atafika pa ine anaima nthawi yaitali. Masiku amenewo ndinali wonenepa, chifukwa zotsala za kukhitchini kwa mzungu zinkadziwa njira ya kwa ine. Anandizungulira, nayang'ana kumbuyo kwanga, nayang'ana bwato lawo.

"Uyu ndi anthu awiri," anatero, naloza mthunzi.

Pakamwa ndinachita phokoso lalikulu, kuti timu yataya mwendo wake wamanja, kuti adzandifuna. Mumtima ndinkaimba nyimbo za kutchalitchi, chifukwa ndinali nditaona kale madzi akulowa pansi pa bwatolo ngati kwawo.

Ndiye kunabwera wansembe wina ndi kamera, nati tiime atijambule tisanamire. Osewera anagwada kutsogolo, ena kumbuyo. Ine, popeza ndinalibe chochita, ndinaima pakati penipeni, jekete pathupi, wezulo m'khosi, kabuku m'manja. M'kabukumo munali zithunzi za njinga zimene ndinkajambula ndekha. Alamu anali atawerama pa bwato, akutseka kabowo ndi sanza. Pa chithunzicho amaoneka msana ndi chigongono basi, kumapeto kwenikweni, pafupi kugwera kunja.

Anyamata anavula malaya awo abwino kuti asanyowe, mphunzitsi anasiya thalauzi lake la Sande, naunjika zonse pamapazi anga. Ananyamuka. Ine ndinakhala pansi pa mtengo tsiku lonse kulimbana ndi mbuzi. Imodzi inadya kolala ya mesenjala ndisanaione, ndipo ndinanena kuti kolalayo inali yotero kale.

Za masewerawo ndinangomva atabwerako dzuwa litapendeka. Ankati alamu anaima m'mbali mwa bwalo ndi nkhafi yawo m'manja, osadziwa lamulo ngakhale limodzi la bola, n'kumakuwa zimene amakuwa pa madzi. Bola ikadzaza kwathu ankati kapani, ndipo anyamata ankaikankhira kutali. Akaona chimunthu cha ku Zumbo chikubwera ankati mvuu kumanzere, onse n'kupatukira kumanja. Wapagolo anamuchotsa pa golo pakati pa masewera chifukwa ankaphethira kwambiri, naikapo msodzi wozolowera kuwakha nsomba yodumpha mu ukonde. A ku Zumbo, amene anabwera ndi zimphona, anatopa kuthamangitsa tianthu topepuka ngati mapesi. Tinapambana ndi chigoli chimodzi. Chigolicho m'kamwa mwanga chakhala chikubereka, ndipo chaka chatha chinali ndi ana asanu ndi mmodzi.

Umaneja wanga sunayambe ndi bodza, unayamba ndi chifuwa. Chithunzi chija chinapachikidwa kusukulu, ndipo tsiku lina mphunzitsi watsopano wa ku Chipata anafunsa ngati wa jeketeyo ndiye anali maneja. Ine ndinangotsokomola. Iye anatenga kutsokomolako ngati inde. Kuyambira pamenepo ndinkatsokomola pa mowa, pa maliro, pa mzere wa kuchipatala, mpaka chifuwacho chinaphunzira kulankhula chokha. Alamu sanatsutsepo. Kuwerenga sadziwa, chithunzi alibe nacho ntchito, ndipo tikakumana amangofunsa ngati jekete likadandikwana, n'kupitiriza kusoka ukonde.

Chaka chino kunabwera mtsikana wa ku Lusaka, wotumizidwa ndi boma kudzayang'anira zamasewera. Anafika kunyumba kwanga ndi chithunzi chija mu foni. Atangopereka moni ndinamva lilime kuti ndi Mubemba, mtundu umene timaunena kuti umadya anyani, ndiye ndinamuuza kuti pepani, anyani a m'phiri tawawerenga kale, asayerekeze kuchepetsa. Iye anayankha kuti wabwera ndi mphaka wake wodyetsedwa bwino, mbewa zathu za ndiwo zisaope. Ndinadziwa kuti tigwirizana. A kum'mawa ndi Abemba ndife a chimbuya, timatukwanana kuti tisamenyane. Kuyambira tsiku limenelo ine ndinkamutcha mbuya, iye ankanditcha ba shikulu, agogo m'Chibemba.

Anandiuza kuti m'maiko ambiri anthu ayamba kufukula mayina a osewera ndi amaneja akuda oyamba, amene anagwira ntchito koma mbiri inawalumpha, n'kulemba ena amene anangoima pafupi ndi kamera. Mawu omalizawo sananene dala, koma anandilowa ngati munga wa nsomba. Anati nafenso tichite chimodzimodzi. Pa bwalo la bola pamangidwe khoma, palembedwe mayina khumi ndi limodzi a anyamata aja, ndipo pamwamba pawo, m'zilembo zazikulu, dzina la maneja. Ndinafunsa kuti zazikulu bwanji. Anatambasula dzanja. Munga uja unatsika.

Anatulutsa cholembera nafunsa kuti ndinkawaimika bwanji anyamata anga pa bwalo. Ndinati opepuka kutsogolo, olemererako pakati kuti zisapendekeke, ndipo wina mmodzi kumbuyo ndi chikho. Anafunsa kuti chikho cha chiyani. Ndinati ndi mawu akale a bola, a ku Lusaka sangawamve. Analemba zonse, akugwedeza mutu, n'kunena kuti nzeru zotere makochi a masiku ano alibe.

Amake ana anali pakhomo akusankha masau, ndipo anamva chilichonse. Mlendo atapita sanakweze mawu. Anandikumbutsa kuti achimwene awo ana onse anaika m'manda, maso achita nkhungu, ndipo tsiku limene adzagone dzina lawo lidzagona nawo, popanda ngakhale mdzukulu wolitchula. Ine ndili ndi zidzukulu zodzaza bwato, bwato limene sindingakwere. Kenaka anati:

"Lembetsani dzina lanu, bambo. Ine ndisamutsa thebulo langa la masau kumsika, ndikaliika pansi pa khomalo. Aliyense wogula ndizimuuza za mbuzi ndi kolala."

Ndinawauza kuti mbiri si nkhani ya azimayi a masau. Anati chabwino, napitiriza kusankha. Mwa zinthu zonse zimene ndimaopa, mvuu ili pachiwiri, poyamba pali chabwino wa mayi ameneyu.

Khoma linamangidwa, nalipaka laimu. Mbuya anafuna kuti mawu alembedwe m'Chinyanja kuti agogo nawonso awawerengeredwe n'kumva. Anapatsa kapepala munthu amene amalemba zikwangwani za mashopu ndi mayina a mabwato, mwana wa kuno. Pa kapepalapo panali mawu akuti maneja woyamba wachikuda. Munthuyo anayang'ana, naganiza kuti mtsikana wa ku Lusaka sadziwa kulemba mtundu wa eni dera, namukonzera. Nditapita kukaona malo a dzina langa, ndinapeza zilembo zofiira, zazikulu ngati dzanja lija: MANEJA WOYAMBA WACHIKUNDA. Pansi pake mpata, ukudikira.

Ine ndine Mnsenga, wa bambo ndi mayi, boma lonse limadziwa. Amake ana, amene anandiperekeza popanda kupemphedwa, anaseka mpaka kugwira khoma, laimu n'kuwadetsa chitenje. Anati ngakhale penti ikudziwa. Mbuya anakwiya, nati ka "n" kameneko kafufutidwe mwambo usanafike, koma wolembayo anali atapita ku Mphuka kukalemba bwato la munthu, ndipo penti yofiira anapita nayo.

Tsiku la mwambo ndinavala jekete lija. Tsopano limandilendewera ngati ndabwereka kwa malemu, ndipo thumba la makoswe likadali lomwelo. Mayina khumi ndi limodzi anali atalembedwa kale. Langa anati lilembedwa pamaso pa anthu, mwambo ukatha, wolemba uja, amene anabwerako m'mawa womwewo, ataimirira ndi burashi. Kunabwera ana a sukulu, azimayi a kwaya, timu ya masiku ano ndi nsapato zawo zamitundumitundu, ndi mlendo wolemekezeka wa mimba yoyenera udindo wake. Ndinakhala pa mpando wa pulasitiki kutsogolo, ndikugwedeza mutu pa mawu alionse onditamanda, ngati munthu amene akuwayesa ngati akwana.

Kenaka mbuya analengeza kuti ali ndi chinthu chimene anandibisira kuti ndisangalale. Tonse titsikire kumtsinje. Abwereka bwato lalikulu, ndipo timu ya lero ikwera monga anakwerera agogo awo, ipalase mpaka pa mchenga wa pakati paja pamene Luangwa athirira mu Zambezi, n'kubwerera. Anati nzeru imeneyi anapatsidwa ndi amayi a kunyumba kwanga, amenenso anamuthandiza kupeza mkulu wina wa ku Kavalamanja amene akuti ndiye anali woyendetsa bwato tsiku lija. Ndinatembenuka. Amake ana anali kuyang'ana kumwamba ngati akufunafuna mvula.

Pa mchenga tinapeza alamu atakhala pamphuno pa bwato, nkhafi pamiyendo, chipewa chakutha pamutu. Anamva mapazi anga, pakuti maso saona kutali, nafunsa ngati jekete likadandikwana. Mbuya ananyamula chijekete china, cha lalanje, chija amati ukavala sumira, nati maneja ayambe kukwera, anthu ajambule.

Ndinamuuza kuti jekete ndili nalo kale. Anati ndivale pamwamba. Ndinati mwendo wanga wamanzere umadwala ukaona madzi ozizira. Anati anyamata andinyamula. Ndinati maneja weniweni amakwera pomaliza, kuti aone ngati onse alowa. Anati chabwino, ndikwere pomaliza, koma ndikwere. Mafoni onse anali atandiloza. Ndinayang'ana m'bwatomo ndipo pansi pake panali timadzi, tomwe tija ta zaka makumi asanu zapitazo, tikundidikira. Chapatali china chake chakuda chinatulutsa makutu n'kumiranso. Ena amati chinali chitsa. Chitsa sichikhala ndi makutu.

Ndinayesa kutsokomola, koma chifuwa chinandithawa tsiku limenelo.

"Mbuya," ndinatero, "ine ku Zumbo sindinafikeko. Ndinatsala pano ndi malaya."

Anaseka, akuyesa chimbuya. Ndiye ndinayenera kunena kachiwiri, mokweza, pamaso pa kwaya ndi mlendo wolemekezeka. Ndinafotokoza za mzere, za kutsina nthiti, za chikho chokapira madzi chimene iye analemba m'buku lake ngati nzeru za bola. Ndinamuuza atulutse chithunzi chija, akuze kumapeto, pamene pali msana ndi chigongono. Ndinati maneja wanu ndi chigongono chimenecho, ndipo mwini chigongono ndi uyo wakhala apoyo. Za kolala sindinanene, koma amake ana anathandiza kuchokera kumbuyo.

Mayi wina wa kwaya anaphulika ndi kuseka, ena onse n'kutsatira. Mbuya anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati anamva kuti anthu odya mbewa amanama, koma sankadziwa kuti bodza amalisunga mpaka lichite imvi. Anapita kwa alamu, nagwada pa mchenga ndi siketi yake ya ku ofesi, nawafunsa ngati ndi zoona kuti iwo ndiwo anasankha timu. Alamu anati iwo sanasankhe timu, anasankha anthu oti asamize bwato lawo. Anafunsa ngati ndiwo ankalangiza pa bwalo. Anati ankangokuwa, chifukwa anyamatawo akanagonja akanabwerera atakwiya, ndipo munthu wokwiya sakhala bwino m'bwato. Anafunsa ngati angalole dzina lawo lilembedwe pa khoma. Alamu anasisita nkhafi.

"Lidzakhalapo ine nditapita?" anafunsa.

Mbuya anati lidzakhalapo, ndipo penti ikafufutika adzapakanso. Alamu anagwedeza mutu kamodzi. Amake ana anapukuta m'maso ndi chitenje chija cha laimu, nkhope n'kuyera mbali imodzi, ndipo palibe amene anawauza.

Zitatero mbuya anati popeza maneja wapezeka, asankhe yekha okwera. Alamu anaimirira, nayenda pa mzere wa anyamata a nsapato zamitundumitundu, akuwapapasa nthiti. Wina amene amati ndiye katswiri wa boma lonse anamuloza kumthunzi chifukwa anati mvuu anaionera pa foni. Mlendo wolemekezeka anali atavala kale chijekete cha lalanje, chosatsekeka pamimba, ataima kutsogolo. Alamu anamupapasa mbali iyi, nayenda ulendo ndithu kukafika mbali inayo, nati uyu ndi anthu atatu. Mlendoyo anaseka nawo anthu, koma kuseka kwa mano okha.

Pomaliza anafika pa ine. Anandigwira mkono, nalowetsa dzanja m'jekete kufunafuna pamene ndinali, nandinyamula pang'ono ngati kale.

"Alamu, mwapepuka. Lero kwerani."

Ndinawathokoza kwambiri chifukwa cha ulemuwo. Ndinati nanga zovala atsala nazo ndani? Anyamata a masiku ano ali ndi nsapato zodula, mafoni, mawotchi, ndipo mbuzi za pa Feira sizinasinthe khalidwe. Ntchito imeneyi imafuna munthu wodziwa. Anaunjika zonse pamapazi anga, bwato n'kunyamuka, alamu ali kumbuyo akukuwa kuti kapani.

Dzina lawo linalembedwa madzulo omwewo dzuwa lisanalowe, ndipo ka "n" kaja sanakafufute, chifukwa tsopano kanali koona mbali zonse ziwiri. Alamu anapempha kuti awagwiritse zilembozo, napaka zala penti yaiwisi, napita nayo kwawo ku Kavalamanja osasamba. Ine mbuya sanandiiwale. Pansi penipeni pa khoma, pamene agalu amafikira, pali dzina langa m'tizilembo tating'ono, ndi udindo wanga: wosunga zovala woyamba. Ndinapempha kuti awonjezere kuti wachikuda, iye anati penti yatha.

Amake ana thebulo la masau analisamutsabe, akuti pa khomapo pamadutsa anthu ambiri kuposa kumsika. Ndimakhala nawo pamenepo masana, jekete pathupi. Alendo akawerenga dzina lalikulu lija n'kufunsa ngati ndine, ndimamva chifuwa chikukwera pakhosi, koma mayi amandiponyera sau limodzi kuti ndiyamwe.